Konsati ya Bob Dylan ya ku Manchester mu 1966: mafunso ndi mayankho okhudza chimbale chimene chinayenda mobisa kwa zaka zoposa 25

Anthu amene ndimawaikira chimbale ichi kwa nthawi yoyamba amafunsa mafunso ofanana, ndipo ena amabweranso patapita masiku ali ndi mafunso ozamirapo. Ndawasonkhanitsa pano kuyambira osavuta mpaka amene amafunsidwa ndi anthu omwe chimbalechi chinawalowa kale m'magazi.

Kodi mawu oti bootleg amatanthauza chiyani pa nkhani ya nyimbo?

Bootleg ndi nyimbo zimene zinajambulidwa ndithu, koma woimbayo kapena kampani yotulutsa nyimbo zake sanavomereze kuti zipite kwa anthu, ndipo zimafika m'manja mwa okonda nyimbo podzera kuseri. Zambiri zimakhala za pa konsati, pamene zina zimakhala zomwe woimba anayeserera mu situdiyo n'kuzisiya. Mawuwa anachokera ku malonda ozembetsa mowa, popeza ozembetsawo ankabisa timabotolo m'nsapato zajombo, ndipo anafala kwambiri pakati pa 1920 ndi 1933, nthawi imene malamulo a ku America ankaletsa kugulitsa mowa.

Njira zojambulira zilipo zingapo. Wina amalowa mu holo atabisa makina ojambulira m'chikwama kapena m'malaya, n'kujambula ali pakati pa anthu, ndipo nyimbo zotere zimamveka patali, zosakanikirana ndi chifuwa komanso macheza a oyandikana naye. Wina amatapa mawu pa makina amene amasakanizira mawu onse a pa siteji. Palinso matepi amene kampani yeniyeniyo inajambula ndi zipangizo zake, kenako wina n'kuwatulutsa mozemba. Chimbale chimene tikukamba pano ndi cha mtundu wotsirizawu, n'chifukwa chake chimamveka bwino kuposa zinzake zambiri.

Kodi zimenezi sizofanana ndi nyimbo zokopera zimene zimagulitsidwa m'misika?

Zimafanana pang'ono, koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Wokopera nyimbo kumsika amatenga chimbale chimene woimba watulutsa kale n'kumachigulitsa motchipa pa CD kapena kuchiika pa memori kadi, ndipo aliyense wogula kwa iye ndi kasitomala amene woimba walandidwa. Mchitidwe umenewu ndi umene oimba a ku Malawi akhala akudandaula nawo, womwenso bungwe la COSOMA limalimbana nawo. Wogulitsa bootleg amagulitsa chinthu chimene sichipezeka m'sitolo iliyonse, ndipo ogula ake nthawi zambiri amakhala anthu omwe anagula kale zimbale zonse zovomerezeka za woimbayo, koma ludzu lawo silinathe.

Komabe tisanamizane: amene ankadinda zimbale zotere n'kumazigulitsa ankadya thukuta la wina, chifukwa woimba ndi anzake sankalandirapo kanthu, komanso woimba ali ndi ufulu wosankha zimene akufuna kuti anthu amve. Ine ndimachikonda chimbalechi ndikudziwa zonsezi, ndipo mtima wanga unakhala m'malo pamene chinatuluka movomerezeka, monga mmene ndafotokozera m'munsimu pa funso lokhudza chaka cha 1998.

Nanga chimbale chimene mukuchitamandachi ndi chiti kwenikweni?

Ndi konsati imene Bob Dylan anaimba mu holo ya Free Trade Hall mumzinda wa Manchester ku England pa 17 May 1966, kutatsala sabata imodzi kuti akwanitse zaka 25. Inali mbali ya ulendo wautali umene unamufikitsa ku Australia, Sweden, Denmark, Ireland, Britain ndi France. Usiku umenewo anaimba nyimbo 15: nyimbo 7 ali yekha ndi gitala yake yosagwiritsa ntchito magetsi komanso hamonika, ndipo atapuma pang'ono anabwerera ndi bandi yamagitala amagetsi n'kuimba nyimbo 8. Chimbale chozembetsedwa chinayamba kupezeka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo zodindidwa zoyambirira zinali ndi gawo lachiwirilo lokha.

N'chifukwa chiyani anthu amachitcha Royal Albert Hall pamene konsatiyo inachitikira ku Manchester?

Oyamba kuchigulitsa analemba dzina la holo ya ku London pachikuto, ndipo dzinalo linakakamira. Linali losavuta kukhulupirira, chifukwa ulendo wa Dylan unatheradi ku Royal Albert Hall pa 26 ndi 27 May 1966, komanso holoyo ndi yotchuka kuposa ya ku Manchester. Anthu ambiri anakhala zaka akukhulupirira kuti akumva konsati ya ku London, ngakhale kuti omvetsera mwatcheru ankazindikira kalankhulidwe ka kumpoto kwa England m'mawu a anthu okuwa mu holomo. Ofufuza za nyimbo za Dylan atayerekezera matepi ndi umboni wa anthu amene analipo, zinatsimikizika kuti ndi ya ku Manchester. Mmodzi mwa amene analipo usiku umenewo ali mnyamata, C. P. Lee, analemba buku lonse lofotokoza za konsatiyi.

Columbia, kampani yotulutsa nyimbo za Dylan, itatulutsa chimbalechi sinataye dzina lolakwikalo, koma inaliika m'mitengero posonyeza kuti ndi dzina longozolowereka. Mu 2016 inatulutsanso konsati yeniyeni ya ku London ya pa 26 May, n'kuitcha The Real Royal Albert Hall 1966 Concert. Choncho pogula kapena pofufuza pa intaneti muyenera kusamala, chifukwa zimenezi ndi zimbale ziwiri zosiyana.

Kodi Dylan anawalakwira chiyani omutsatira ake kuti amukwiyire chotere?

Dylan, amene dzina lake lobadwa nalo ndi Robert Zimmerman ndipo anakulira ku Hibbing m'chigawo cha Minnesota, anatchuka ku New York kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 monga woimba nyimbo za folk. Zimenezi ndi nyimbo zachikhalidwe za anthu wamba, zoimbidwa ndi gitala wamba popanda phokoso lambiri, ndipo panthawiyo zinkayendera limodzi ndi nkhondo yomenyera ufulu wa anthu akuda ku America, mabungwe a apantchito ndi magulu otsutsa zida zanyukiliya. Iye anaimba nawo pa msonkhano waukulu wa ku Washington pa 28 August 1963, tsiku limene Martin Luther King Jr. analankhula mawu ake otchuka aja. Achinyamata ambiri ankamutenga ngati mlomo wawo.

Mu 1965 zinthu zinasintha. Anatulutsa zimbale ziwiri, Bringing It All Back Home ndi Highway 61 Revisited, zokhala ndi ng'oma ndi magitala amagetsi, ndipo mawu a nyimbo zake anachoka pa nkhani zandale zomveka poyera n'kupita ku ndakatulo zozama za maloto, chipongwe ndi chikondi chosokonekera. Pa 25 July 1965 anakwera pa siteji ya Newport Folk Festival ndi gitala yamagetsi, ena mwa omvera n'kumukuwiza. Kwa okonda folk enieni, nyimbo za rock zinali malonda chabe, zopangidwa n'cholinga chokolola ndalama kwa ana asukulu, kotero kuti iwo anaona ngati mneneri wawo wagulitsa uthenga. Ku Britain maganizo amenewa anali olimba kwambiri m'makalabu a folk, omwe ena mwa iwo ankatsamira ku ndale zachisosholizimu, ndipo Ewan MacColl, mkulu wolemekezeka pakati pawo yemwe anabadwira ku Salford pafupi ndi Manchester pomwepo, ankanyoza poyera luso la Dylan. Amene anaonapo mmene anthu kwathu kuno amakwiyira woimba nyimbo zauzimu akayamba kuimba zadziko akhoza kumvetsa mtundu wa mkwiyo umenewu: nkhani sikhala ya chida choimbira ayi, koma ya chikhulupiriro.

Kodi ankaimba ndi ndani?

Ankaimba ndi gulu lotchedwa The Hawks, lomwe linakulira m'mabala a ku Canada likuimbira Ronnie Hawkins. Robbie Robertson anali pa gitala, Rick Danko pa besi, Richard Manuel pa piyano, ndipo Garth Hudson anali pa limba lamagetsi. Woimba ng'oma wawo weniweni, Levon Helm, anali atachoka chakumapeto kwa 1965 atatopa ndi kukuwizidwa usiku uliwonse, ndipo pa ulendo wa ku Ulaya malo ake anatenga Mickey Jones wa ku Texas. Gululi pambuyo pake linadzatchuka ndi dzina loti The Band, Helm atabwerera.

Ambiri akamakamba za chimbalechi amatamanda Robertson, ndipo akuyeneradi kutamandidwa, chifukwa gitala yake imalasa mwachidule ngati mbola pakati pa mizere ya nyimbo. Koma ine ndimaona kuti ngwazi yoiwalika ndi Jones. Ng'oma zake zilibe zokometsera, amangomenya molimba ndiponso molunjika ngati munthu wowaza nkhuni, ndipo mphamvu imeneyo ndi imene inachititsa kuti bandi isagwedezeke pamene holo inkawira.

Kodi gawo loyamba lija, la Dylan ali yekha, n'lofunika kulimvera?

N'lofunika kwambiri, ndipo amene amalidumpha amadzimana theka la nkhani. M'gawo limeneli holo ili zii, moti munthu amamva mpweya wa woimba akamaukokera mu hamonika. Anayamba ndi She Belongs to Me, n'kupitiriza ndi 4th Time Around, Visions of Johanna, It's All Over Now, Baby Blue, Desolation Row, Just Like a Woman, ndipo anamaliza ndi Mr. Tambourine Man. Amaimba modekha, akukoka mawu ena ndi kudula ena, ngati munthu wosowa tulo amene akulankhula yekha pakati pa usiku. M'nyimbo yomalizayo amaimba hamonika kwa nthawi yaitali, akuzungulirazungulira pamalo amodzi mpaka womvera kuiwala kumene nyimboyo inayambira.

Chodabwitsa n'chakuti nyimbo zitatu za m'gawo limeneli, 4th Time Around, Visions of Johanna ndi Just Like a Woman, zinali zisanatuluke, chifukwa chimbale cha Blonde on Blonde chinatuluka pambuyo pa konsatiyi. Komanso pa nyimbo 7 zonsezi palibe ndi imodzi yomwe ya zija zomenyera ufulu zimene anatchuka nazo. Anthu omwewo amene anadzakwiya pambuyo pake anamvetsera mwaulemu ndakatulo zachilendo zotalika mphindi zambiri, n'kuwomba m'manja ndi mtima wonse. Dylan anali atasintha kale m'gawo loyambali, koma popeza ananyamula gitala yozolowereka, anamukhululukira.

Nanga mavuto anayamba liti?

Anayamba bandi itangokwera pa siteji. Nyimbo yotsegulira gawo lachiwiri, Tell Me, Momma, inali yatsopano, ndipo Dylan sanaijambulepo mu situdiyo kuti ikhale pa chimbale chilichonse. Kenako anatenga nyimbo zakale zimene anthu ankazidziwa zili zofatsa n'kuziveka zovala zina. Asanayambe I Don't Believe You, yomwe inatuluka mu 1964, anauza omvera kuti kale inkamveka mwakuti, koma tsopano ikumveka motere, ndipo bandi inalowa mwaukali. Baby, Let Me Follow You Down, ya pa chimbale chake choyamba cha mu 1962, anaichita chimodzimodzi.

Otsutsa sanangokuwa chabe. Chida chawo chachikulu chinali kuwomba m'manja pang'onopang'ono mogwirizana, komwe ku Britain ndi chizindikiro cha chipongwe, ndipo ankachita zimenezi pakati pa nyimbo ndi nyimbo pofuna kumulepheretsa kuyamba ina. Pamenepa pali kanthu kamene ndimakakonda kuposa ngakhale nkhani ya Yudasi imene ndaifotokoza m'munsimu. Asanayambe One Too Many Mornings, manja achipongwe aja atakula, Dylan anayandikira maikolofoni n'kuyamba kung'ung'udza mawu opanda tanthauzo, motsitsa, ngati akufotokoza nkhani yofunika. Anthu anayamba kusiya kuwomba m'manja mmodzimmodzi pofuna kumva zimene akunena. Holo itakhala chete, anamaliza ndi mawu omveka bwino akuti zikanakhala bwino akanapanda kuwomba m'manja mwamphamvu chotero. Anthu anaseka, ena n'kumuwombera m'manja enieni, ndipo nyimbo inayamba. M'nyimbo imeneyo mvetserani mmene Danko amalowera ndi mawu ake okwera kumapeto kwa ndime iliyonse.

Kodi nkhani ya Yudasi ija inachitika bwanji?

Inachitika kutatsala nyimbo imodzi. Dylan anali atangomaliza Ballad of a Thin Man, yomwe anaimba atakhala pa piyano, nyimbo yonyogodola munthu amene akuona zinthu zikuchitika koma sakuzimvetsa. Anabwerera ku gitala, ndipo pa kachetechete kamene kanalipo munthu wina anakuwa mawu amodzi okha akuti "Judas!", kutanthauza Yudasi Isikariyoti, uja anapereka Yesu ndi ndalama 30 zasiliva. Pa tepi mumamveka anthu ena akuwomba m'manja mogwirizana naye, ena akuseka, enanso akukuwa zawo.

Dylan sanayankhe msanga. Anakhwekhwereza gitala kangapo, kenako anati sakumukhulupirira munthuyo, mawu omwe ndi ofanana ndi mutu wa nyimbo imene anali ataimba kale usiku womwewo. Anadikiranso pang'ono n'kunena mokoka mawu kuti munthuyo ndi wabodza. Ndiyeno pamamveka mawu otalikirana ndi maikolofoni olamula bandi kuti iimbe mokweza kwambiri, osakanikirana ndi liwu lotukwana limene sindililemba pano. Jones anamenya ng'oma kamodzi ngati mfuti, ndipo Like a Rolling Stone inayamba.

Nyimboyi pa chimbale cha mu situdiyo ili ndi kachisangalalo kena, koma ku Manchester inaimbidwa mochedwerapo, molemera, liwu lililonse likulavulidwa molunjika kwa omvera. Limba la Hudson limakwera pamwamba pa zonse ngati la m'tchalitchi, pamene Dylan akukoka mawu mpaka kutsala pang'ono kuduka. Itatha, anangoti zikomo n'kutsika.

Mu 2012, pocheza ndi magazini ya Rolling Stone, Dylan anakumbukira nkhaniyi mokwiya ndithu, akudabwa kuti munthu angapatsidwe dzina lodedwa chotero chifukwa chongoimba gitala yamagetsi.

Kodi amene anakuwayo amadziwika?

Patapita zaka zoposa 30, amuna awiri osiyana anadziulula, aliyense akunena kuti ndi iyeyo, ndipo onse awiri analidi mu holomo ali achinyamata. Aliyense ali ndi omukhulupirira ake. Mayina awo sindiwalemba, chifukwa anali anthu wamba omwe moyo wawo wonse suyenera kuyezedwa ndi liwu limodzi. Chofunika kudziwa n'chakuti mmodzi mwa iwo anafotokoza kuti chimene chinamupweteka sichinali magetsi enieniwo, koma kuti mawu a nyimbo sankamveka bwino komanso kuti ankaona ngati Dylan sakuwasamalanso omvera ake.

Kodi okwiyawo analibe mfundo ngakhale pang'ono?

Anali nayo, ndipo okonda chimbalechi timalakwitsa tikamawatenga ngati zitsiru. Ife timamva konsatiyi kudzera m'maikolofoni amene anali pa siteji, mawu atasakanizidwa bwino, pamene iwo anali mu holo yomangidwira magulu oimba nyimbo zachikale popanda zokuzira mawu. Free Trade Hall inali kwawo kwa gulu la nyimbo zotere lotchedwa Hallé Orchestra. Dylan anabwera ndi zokuzira mawu zamphamvu kuposa zimene anthu ambiri a ku Britain anali atamvapo, ndipo m'maholo otere phokoso linkagunda zipupa n'kubwerera, mawu a woimba n'kumira. Munthu amene analipira ndalama zake kuti akamve ndakatulo, n'kupeza kuti sakutolapo liwu, anali ndi chifukwa chodandaulira.

Tisaiwalenso kuti okwiyawo sanali onse. Pa tepi pamamveka anthu ambiri akusangalala pakutha pa nyimbo iliyonse, kotero kuti mkangano unali pakati pa omvera okhaokha monga mmene unalili pakati pa omvera ndi woimba. Chimene ine ndimaona n'chakuti popanda otsutsawo chimbalechi sichikanakhala chimene chili. Nyimbo zomwezi zinaimbidwanso m'mizinda ina ya pa ulendowo, koma ku Manchester munthu amamva mkwiyo ukukwera pang'onopang'ono kuchokera nyimbo ina kupita ina, bandi ikuyankha mwa kumanga nyimbo molimba kwambiri, mpaka zonse kudzaphulika pamapeto. Phokoso la anthu ndi mbali ya nyimbozo.

Ndani anajambula, ndipo zinatheka bwanji kuti zimveke bwino chotere?

Kampani ya Columbia inatumiza akatswiri kukajambula makonsati angapo a ku England, kuphatikizapo ya ku Manchester, ndi makina a matepi amizere itatu. Panalinso Richard Alderson, amene ankayang'anira zokuzira mawu pa ulendowo, yemwe ankajambula makonsati pa makina a Nagra kuti agwiritsidwe ntchito mu filimu. Panthawiyo nyimbo imodzi yokha ya pa ulendowu ndi imene inatuluka movomerezeka: Just Like Tom Thumb's Blues yojambulidwa ku Liverpool, yomwe inaikidwa kuseri kwa kambale ka I Want You mu 1966. Zotsalazo zinasungidwa, mpaka kope la gawo lachiwiri la ku Manchester linadzafika kwa odinda mobisa.

Kumveka bwino kumeneku kunkatha chimbalecho chikamakopedwa. Ine ndinayamba kuchimva pa kaseti ya amalume anga amene anaphunzira ku Britain, ndipo kasetiyo inali yokopedwa kuchokera ku inzake, inzakeyo kuchokera ku inanso. Inkathamanga pang'ono, moti mawu a Dylan ankamveka opyapyala kuposa mmene alili, ndipo pansi pa nyimbo zonse pankamveka mkokomo ngati wa mvula yogwa pa malata akutali. Pachikuto panalembedwa ndi bolopeni kuti Albert Hall. Mabatire akafooka tinkaibweza m'mbuyo poizunguza ndi bolopeni yomweyo, makamaka pamalo a Yudasi paja, mpaka tepi inafika potafunika pamenepo.

Popeza chinatuluka movomerezeka mu 1998, kodi chikadali bootleg?

Mwalamulo ayi. Mu October 1998 Columbia inachitulutsa pa ma CD awiri monga gawo lachinayi la mndandanda wotchedwa The Bootleg Series, umene unayamba mu 1991 ndi cholinga chotulutsa nyimbo za Dylan zomwe zinkayenda mobisa. CD yoyamba ili ndi gawo la Dylan ali yekha, yachiwiri ili ndi la bandi. Mu 2016, chaka chomwenso Dylan analandira mphoto ya Nobel pa zolembalemba, kunatuluka bokosi la ma CD 36 lokhala ndi makonsati a mu 1966 amene matepi ake anapezeka.

Alipo okonda zakale amene amanena kuti chimbalechi chinataya fungo lake chitalowa m'sitolo, ndipo ndimawamvetsa, chifukwa kale munthu ankachipeza movutikira n'kumadzimva ngati wauzidwa chinsinsi. Koma sindigwirizana nawo. Tsiku limene ndinamva CD yovomerezeka ndi limene ndinazindikira kuti pa siteji paja panali piyano ya Manuel, imene pa kaseti ya amalume inali itamira kotheratu. Woyamba kumene ayambire cha 1998, ndipo bokosi lalikulu lija alisiyire amene akufuna kuyerekezera usiku wina ndi unzake.

Kodi pali kanema wa konsatiyi?

Zidutswa zilipo. D. A. Pennebaker anayenda nawo pa ulendowu akujambula filimu yotchedwa Eat the Document, imene sinafalitsidwe kwenikweni ndipo nayonso inayenda mobisa kwa zaka zambiri. Chidutswa cha nthawi ya Yudasi chinaonetsedwa kwa anthu ambiri mu 2005 mu filimu ya Martin Scorsese yotchedwa No Direction Home, ndipo chimaonetsa Dylan akutembenukira kwa anzake nyimbo yomaliza isanayambe. Amene anaonera filimu yonena za Dylan ya A Complete Unknown ya mu 2024 adziwe kuti opanga ake anasamutsa mawu a Yudasi n'kuwaika ku Newport mu 1965 pofuna kukometsa sewero. Zenizeni zinachitikira ku Manchester, patapita miyezi pafupifupi 10.

Chinachitika n'chiyani ulendowo utatha?

Pa 29 July 1966 Dylan anachita ngozi ya njinga yamoto pafupi ndi Woodstock m'chigawo cha New York, ndipo anasiya maulendo oimba kwa zaka pafupifupi 8, mpaka mu 1974 pamene anayendanso ndi The Band. Mu 1967 iye ndi anzake aja anajambula nyimbo zambiri m'chipinda chapansi cha nyumba ina, ndipo zina mwa izo zinatuluka mozemba mu 1969 pa chimbale chotchedwa Great White Wonder, chimene ambiri amachitenga ngati bootleg yoyamba yaikulu ya nyimbo za rock. Kusowa kwake pa siteji ndi kumene kunakulitsa njala ya anthu, ndipo tepi ya ku Manchester inatulukira pa nthawi ya njala imeneyo. Kaimbidwe kaukali ka mu 1966 sanakabwerezenso mwanjira yomweyo.

Kodi pali zimbale zina zotere zimene munthu angazifunefune?

Zilipo zambiri, koma nditchula zochepa. Live'r Than You'll Ever Be ya The Rolling Stones inajambulidwa ndi munthu wokhala pakati pa omvera ku Oakland mu November 1969, ndipo chaka chotsatira gululo linatulutsa chimbale chake chovomerezeka cha pa ulendo womwewo, Get Yer Ya-Ya's Out! Okonda Led Zeppelin amalemekeza Live on Blueberry Hill, ya ku Los Angeles mu September 1970. Gulu la Grateful Dead linasankha njira ina: linkalola omutsatira kujambula ndi kusinthana matepi malinga asagulitse, ndipo kuyambira mu 1984 linkawapatulira malo awoawo mu holo.

Sindimva Chingerezi bwinobwino, ndiponso mawu a Dylan sandikomera. Kodi ndingapindulepo kanthu?

Mukhoza kupindula, ndipo musadandaule kwambiri ndi Chingerezi, chifukwa ngakhale eni chilankhulocho amakangana mpaka lero pa tanthauzo la nyimbo ngati Desolation Row. Mawu ake ndi a m'mphuno, okhakhala, ndipo sayesa n'komwe kukometsa. Chimene muyenera kutsatira ndi mmene amaponyera liwu lililonse, pena mochedwa pena mofulumira, monga amachitira mlakatuli waluso kapena mkulu wodziwa kuweruza milandu pabwalo.

Malangizo anga ndi akuti mupeze mphindi pafupifupi 90 zopanda chosokoneza, muvale mahedifoni kapena mukhale pafupi ndi sipika yabwino, ndipo mumvere kuyambira nyimbo yoyamba popanda kudumpha. Musathamangire pa Yudasi monga tinkachitira ife pa kaseti ija, chifukwa liwu limenelo limalemera pokhapokha mutamva kachetechete ka gawo loyamba ndi manja achipongwe a gawo lachiwiri. Mipata ya pakati pa nyimbo musaidule, popeza m'menemo ndi mmene muli kukonza magitala, kung'ung'udza ndi kukuwa kwa anthu.

Kodi holoyo ikadalipo?

Khoma lake lakumaso likadalipo mu msewu wa Peter Street, koma mkati munasinthidwa. Holoyo inamangidwa pamalo pamene asilikali okwera pa akavalo anapha anthu ochita msonkhano wofuna ufulu wovota mu 1819, pa zimene zimatchedwa Peterloo Massacre. Mu 1976 gulu la Sex Pistols linaimba m'chipinda chake chaching'ono chapamwamba, pamaso pa anthu ochepa amene ena mwa iwo anadzayambitsa magulu otchuka a ku Manchester. Hallé Orchestra inasamukira ku Bridgewater Hall mu 1996, ndipo nyumbayo inasandutsidwa hotela imene inatsegulidwa mu 2004.

Dzina lolakwika lija ndi limene linapitirira kukhala ndi moyo. Mu November 2022 woimba wa ku America wotchedwa Cat Power anaimba nyimbo zonse 15 za ku Manchester motsatira ndondomeko yomweyo, gawo lofatsa poyamba ndi lamagetsi pambuyo, ndipo malo amene anasankha kuchitirako zimenezi anali Royal Albert Hall ku London.